Ndani anayeza mafuta akugulitsidwa pa benchi ku Golomoti?

Tsiku la msika ku Golomoti kapena ku Mtakataka, pakati pa wa kaunjika ndi wa usipa, simungalephere kupeza benchi la zodzoladzola. Pamakhala sopo, gilisalini, phaudala, wanja ndi lipisitiki, ndiye chakumapeto kwake timachubu ta m'timakatoni ndi mabotolo a mafuta oyeretsa khungu. Ena analembedwa m'Chifalansa, ena m'Chipwitikizi. Ena alibe n'chilembo chomwe, ndi "mikisi" yomwe wogulitsa wasakaniza yekha kunyumba n'kuthira m'kabotolo kotha ntchito. Zinthu zimenezi zimapakidwa pankhope za anthu m'mawa ndi madzulo, kwa miyezi ndi zaka. Kuchokera komwe zinapangidwa mpaka kufika pa tsaya la mayi wa kwa Kachindamoto, ndani anazitsegula n'kuziyeza?

Ndikufunsa chonchi chifukwa zina mwa zomwe zili pa benchipo si zodzoladzola n'komwe. Ndi mankhwala a kuchipatala. Tengani kachubu ka Movate kapena Dermovate muwerenge tizilembo ta m'mbali, mupezapo mawu akuti clobetasol propionate. Tengani ka Diproson kapena Epiderm, mupezapo betamethasone. Amenewa ndi mankhwala a gulu la ma steroid, ndipo clobetasol ali m'gulu la amphamvu koposa mwa onse opaka pakhungu. Dokotala amalembera munthu wa chikanga chouma mutu kapena nthenda ina yapakhungu, n'kumulangiza kuti apake pang'ono, pamalo podwala pokha, kwa milungu yowerengeka, ndipo kawirikawiri amaletsa kupaka kumaso. Pa benchi malangizo ndi ena: "Awa amayi ndi achangu, sabata imodzi yokha anthu ayamba kukufunsani."

Choipa chake n'chakuti wogulitsayo sakunama. Steroid amafinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, amachepetsa mtundu wa khungu, amaziziritsa ziphuphu, ndipo m'masiku oyamba nkhope imaoneka yosalala ndi yowala. Zotsatira zimabwera pambuyo pake. Khungu limapyapyala mpaka timitsempha tofiira kuonekera pamasaya. M'khwapa, m'ntchafu ndi m'mikono mumang'ambika mizere yosafufutika. Ziphuphu zimabwerera zochuluka kuposa kale, ena amamera tsitsi m'masaya. Zipere, zomwe zikanatha ndi mankhwala otchipa a kuchipatala, zimabisala kaye kenako n'kufalikira thupi lonse, chifukwa steroid amafooketsa chitetezo cha khungu. Bala limachedwa kupola, ndipo ichi si chinthu chaching'ono kwa mayi yemwe tsiku lina adzachira kudzera pa opareshoni. Wodzola thupi lonse kwa nthawi yaitali mankhwalawa amamulowa m'magazi, ndipo amatha kuyambitsa shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kutupa nkhope. Akati asiye, nkhope imatentha, imayabwa, imatuluka nsungu, imada kuposa mmene inalili poyamba. Ndiye amabwerera ku benchi komwe kuja, osatinso kuti ayere, koma kuti nkhope ileke kuwawa. Amayi ambiri omwe timawaloza zala kuti ndi osamva ali mu msampha umenewu.

M'mabotolo akuluakulu a mafuta ndi m'sopo zina muli chinthu china chotchedwa hydroquinone. Ntchito yake ndi kuletsa khungu kupanga melanin, chomwe chimatipatsa mtundu wathu wakudawu. Melanin sanaikidwe pakhungu kuti akhale chokongoletsa. Ndi amene amatchinga mphamvu ya dzuwa. Tsono taganizani dzuwa la kuchigwa kuno m'mwezi wa Okutobala. Taganizani mayi akuwokera mpunga mu sikimu ya Bwanje Valley kuyambira mbandakucha mpaka masana, wina akuyanika usipa pathandala kunyanja, wina wakhala pamsewu wa M5 ndi beseni la mango tsiku lathunthu. Munthu wa muofesi ku Lilongwe akadzola mafuta amenewa amavulala, koma wa kuno amavulala msanga ndiponso kwambiri, chifukwa wachotsa chotchinga n'kukaima padzuwa lomwelo. Madokotala a ku South Africa, motsogozedwa ndi George Findlay wa ku Pretoria, analemba kale mu 1975 za nthenda yotchedwa ochronosis yomwe ankaipeza mwa amayi akuda odzola hydroquinone: mawanga akuda bii pamasaya, pachipumi ndi m'khosi, malo omwe dzuwa limawomba, khungu lokhakhala, ndipo mawangawo n'ngovuta zedi kuwachotsa. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Mayiko a European Union analetsa mu 2001. Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa oopsawa mu 2015. Aliyense amene wakwerapo minibasi ya ku Salima kapena ya ku Balaka waonapo masaya opserera amenewo, ndipo ambiri a ife tinangoyang'ana kumbali.

Chachitatu ndicho chimandisowetsa tulo, chifukwa sichilembedwa kawirikawiri pa botolo. Ndi mercury. Ku Nairobi mu 1972 madokotala anaona kuti atsikana ndi amayi ambiri omwe ankabwera ndi nthenda ya impso yotupitsa thupi anali odzola mafuta oyeretsa okhala ndi mercury. Papita zaka zoposa 50 ndipo malondawo sanathe. Bungwe la Zero Mercury Working Group linagula mafuta oyeretsa okwana 338 m'mayiko 22 mu 2017 ndi 2018 n'kuwayeza. Mwa amenewo, 34 anapezeka ndi mercury woyambira pa 93 mpaka 16,353 ppm, pomwe mlingo womwe mayiko anagwirizana nthawi imeneyo kuti usapitiriridwe unali 1 ppm yokha. Mercury amaononga impso ndi ubongo. Munthu amanjenjemera manja, amaiwalaiwala, amasowa tulo, amakwiya msanga, ndipo kumudzi kuno zizindikiro zotere timathamangira nazo kwa asing'anga kapena ku mapemphero, osaganizako za botolo lomwe lili pawindo. Sathera pa wodzola yekha. Amatsalira pa thaulo, pa chitenje chobereka mwana, pa zofunda. Amafika kwa mwana ali m'mimba, amadutsanso mu mkaka wa m'mawere.

Ndipo ife tili m'mphepete mwa nyanja. Zomwe timasamba zimatsika ndi madzi, mitsinje ngati Nadzipokwe, Namikokwe ndi Livulezi imatsikira kunyanja komwe timadyako. Mercury akalowa m'madzi amasanduka mtundu woopsa kwambiri womwe umaunjikana m'matupi a nsomba. Umu ndi mmene anthu a m'tauni ya asodzi ya Minamata ku Japan anapuwalira ndi kufa, nthenda yomwe inadziwika mu 1956, fakitale ya kampani ya Chisso itakhala ikutayira mercury m'nyanja. Sindikunena kuti timabotolo ta ku Golomoti tingafanane ndi fakitale. Ndikunena kuti dzina la tauni imeneyo ndilo linapatsidwa pangano la mayiko la mu 2013 lothana ndi mercury, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, ndipo Malawi analisayinira. Pa msonkhano wa ku Geneva mu 2023 mayiko a m'panganoli anagwirizana kuti ikadutsa 2025 pasakhalenso chodzola chilichonse chothiridwa mercury, ngakhale pang'ono bwanji. Siginecha ya ku msonkhano ilibe phindu kwa mayi wa ku Mtakataka ngati palibe amene akufika pa benchi.

Pali chinanso chomwe anthu a ku Mua ayenera kuchimvetsa kuposa ena. Mishoni ya Mua, yomwe ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, inasamalira odwala khate kwa zaka zambiri. Khate silinatheretu m'dziko muno, ndipo chizindikiro chake choyamba ndi banga loyererako pakhungu, lomwe ukalikhudza silimva. Likapezeka msanga limachizika ndi mankhwala aulere munthu asanalumale. Nanga banga loterolo lioneka bwanji pakhungu loyeretsedwa kale, lodzaza ndi mawanga ena, lopakidwa steroid tsiku ndi tsiku?

Nkhani imeneyi ikafika pa wailesi, malangizo amakhala amodzimodzi: ogula azisamala, aziwerenga zolembedwa pa botolo. Malangizowo si oipa, ndipo amene angathe awatsate. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mndandanda wa zomwe zili m'kati, lopanda tsiku lothera mphamvu, lisiyeni. Mukaona mawu akuti hydroquinone, clobetasol, betamethasone, mercury, mercurous chloride, calomel kapena mercurio, bwezani pa benchi. "Mikisi" ya m'botolo losalembedwa musaiyandikire ngakhale wogulitsa atakhala mlamu wanu. Wanja wosadziwika kochokera musamupake mwana m'maso, chifukwa wina amakhala ndi mtovu. Lipisitiki kapena phaudala yomwe yasintha fungo itakhalitsa padzuwa yaonongeka. Koma tinene zoona: kodi ndi angati pa msika wa kabwandire omwe angawerenge mawu a sayansi olembedwa m'Chifalansa, m'tizilembo tochepa kuposa njere ya mpunga? Ndipo ngakhale mphunzitsi wa sayansi wa ku sekondale atawerenga botolo lonse, sangaone mercury yemwe wopanga wabisa dala. Mercury saoneka ndi maso, sanunkha. Kuuza mayi wa kumudzi kuti adziteteze yekha ku chinthu chomwe chimafuna makina kuti chidziwike ndi kumutula katundu yemwe eni ake alipo ndipo amalipidwa.

Eni akewo ndi odziwika. Bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS) linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona ubwino wa katundu wopangidwa muno ndi wolowa kuchokera kunja, ndipo lili ndi malo oyezera zinthu ku Blantyre. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority (PMRA), lomwe linabwera ndi lamulo la mu 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndilo loyang'anira mankhwala ndi amene ali ndi chilolezo chowagulitsa. A Malawi Revenue Authority ali pa zipata zolowera m'dziko. Pali lamulo loteteza ogula la mu 2003, pali Competition and Fair Trading Commission. Pali khonsolo ya boma la Dedza ndi ofesi yake ya zaumoyo. Malamulo ndi maofesi sitikusowa.

Inu a PMRA, gawo lanu ndi losavuta kuposa onse, chifukwa silifuna makina. Kachubu ka clobetasol kanadzilemba kokha kuti ndi mankhwala. Malo ake ndi ku famase yovomerezeka, munthu atalemberedwa ndi dokotala. Kakapezeka pa benchi pambali pa zipeso ndi ndolo, mlandu waoneka kale. Chofunika ndi kufunsa wogulitsayo komwe anapikula, n'kulondola njirayo mpaka kwa mwini katoni.

Inu a MBS, alipo makina a m'manja otchedwa XRF omwe amasonyeza ngati m'mafuta muli mercury wambiri m'mphindi zochepa, popanda kutumiza botolo kutali. Mabungwe a m'mayiko ena amayenda nawo m'misika. Bwerani nawo ku Golomoti tsiku la msika, muyeze pamaso pa anthu, wogulitsa ndi wogula aone okha. Mukatero, lengezani mayina a mafuta omwe mwawapeza ndi poizoni, m'Chichewa, pa wailesi zomwe anthu amamvera, ndipo zithunzi za mabotolowo zikhomedwe pa zipatala, pa masukulu ndi pa zipata za misika. Chikalata cha m'Chingerezi cha mu nyuzipepala ya Loweruka sichifika kwa Kachindamoto.

Ndikudziwa yankho lake: malire athu ndi otayirira. N'zoona. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Mozambique, moti pa Lizulu munthu amangodumpha msewu kuti akhale m'dziko lina. Katoni ikhoza kuoloka pa njinga, kukwera galimoto pa Masasa, kutsika Khwekhwerere, madzulo n'kukhala ili pa Golomoti osadutsa pa chipata chilichonse. Zina zimabwera ndi mabasi a ku Dar es Salaam, a ku Lusaka ndi a ku Joni m'zikwama za zovala, zina zikugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook. Koma ngati malire sangatsekeke, ndiye kuti poyenera kuimapo ndi pamsika, pomwe katundu aliyense amathera. Ndipo pamsikapo boma limafika kale. Palibe tsiku la msika lomwe wodula matikiti a khonsolo amajomba. Amaima pa benchi lomwelo, amalandira ndalama ya msonkho, amapitirira. Ngati khonsolo ili ndi miyendo yokatolera msonkho pa benchi, ikhale ndi maso oona zomwe zili pa benchipo. Woyang'anira msika ndi mlangizi wa zaumoyo atapatsidwa pepala limodzi la zithunzi ndi mayina, theka la ntchitoyi lingagwirike popanda galimoto yochokera ku Blantyre.

Sindikupempha kuti apolisi akakunthe mayi wa pa benchi n'kumulanda mpamba wake wonse. Nayenso nthawi zambiri amadzola zomwezo ndipo sadziwa chomwe chili m'kati. Dziko la Rwanda linayamba kulanda mafuta otere m'masitolo ndi m'misika kumapeto kwa 2018, ndipo phunziro lochokera kumeneko ndi kumayiko ena n'lakuti kulanda kokha kumangosamutsa katundu kuchoka pamwamba pa benchi kupita pansi pake, mtengo n'kukwera. Chilango chachikulu chipite kwa oitanitsa ndi opikulitsa a m'matauni, omwe amadziwa bwino chomwe akugulitsa. Wa pa benchi auzidwe kaye, aonetsedwe, achenjezedwe. Akabwereza dala, pamenepo lamulo ligwire ntchito.

Ena amati khungu ndi lake, ndalama ndi zake, musiyeni. Ndingavomere zimenezo tsiku lomwe botolo lidzanene zoona. Munthu amene wagula mafuta olembedwa kuti ndi a karoti kapena a mandimu, m'kati muli steroid kapena mercury, sanasankhe kanthu, wanamizidwa. Mwana amene akuyamwa sanasankhenso. Ena amati boma lili ndi zazikulu, malungo, kolera, njala. Koma impso zikafa, makina otsuka magazi ali m'zipatala zikuluzikulu zochepa ngati Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mzere wake ndi wautali. Banja la ku Golomoti lingagulitse mbuzi zingati kuti lizipita ku Lilongwe kawiri pa sabata? Kuyeza botolo n'kotchipa kuposa zimenezo.

Tsopano ndilankhule ndi abambo anzanga ndi anyamata a pa siteji ya kabaza. Mafuta amenewa sakanayenda malonda pakanapanda ife. Ndife timatamanda "mkazi woyera" pa bawo ndi pa mowa, ndife timatembenuka akadutsa, ndife timauza mkazi wa kunyumba kuti wada ngati wagona kudimba. Ndiye khungu likapserera, ndife tomwe timayamba kuseka za nkhope ya Fanta ndi miyendo ya Coca-Cola. Nthabwala imeneyo ndi yankhanza, ndipo imapha, chifukwa mayi amene akudziwa kuti asekedwa sapita kuchipatala. Amabisa masaya ndi phaudala n'kuonjezera kachubu kena. Amuna ena nawonso ayamba kudzola, choncho nkhaniyi isatchedwenso ya amayi okha.

Tili ndi abale athu achialubino, omwe kalembera wa mu 2018 anapeza kuti alipo 134,636 m'dziko muno. Iwowa amabadwa ndi melanin wochepa kwambiri, ndipo mdani wawo wa tsiku ndi tsiku ndi khansa ya pakhungu yobwera ndi dzuwa. Bungwe lawo la APAM lakhala likudandaula zaka ndi zaka kuti mafuta oteteza ku dzuwa azipezeka m'zipatala za kumidzi. Zimandipweteka kuti pa misika yathu mafuta ochotsa chitetezo cha khungu amapezeka mosavuta kuposa mafuta ochiteteza. Amene akufuna kudziwa ntchito ya khungu lakuda akafunse kholo la mwana wachialubino wa kuchigwa kuno mmene mwezi wa Novembala umakhalira.

Dera lino lili ndi chinthu chomwe madera ena alibe. Linaona ndi maso kuti chizolowezi chozika mizu chimatheka kuzulidwa. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe analowa ufumu mu 2003 atagwira ntchito ya ulembi ku Zomba kwa zaka 27, sanadikire kuti Nyumba ya Malamulo iyambe ndiyo. Anasonkhanitsa mafumu awo, anawasayinitsa pangano lothetsa maukwati a ana, anaimitsa paufumu omwe ankaphwanya, anathetsa maukwati mazanamazana n'kubwezera ana kusukulu. Lamulo la dziko lokweza zaka zokwatira kufika pa 18 linabwera mu 2015, Malamulo Aakulu n'kusinthidwa mu 2017, iwo ali kale pa ntchito. Njira yomwe anatsegula ikadalipo: magulupu ndi nyakwawa, magulu a amayi a m'masukulu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, anamkungwi. Mtsikana wa Fomu 2 amene wayamba kudzola kachubu ka mnzake ku hositelo kapena ku nyumba ya lendi sangafikiridwe ndi MBS, koma mayi wa gulu la pasukulu amamudziwa ndi dzina. Anamkungwi amene amalangiza namwali za kusamala thupi aonjezerepo mawu awiri a khungu. Mafumu akhoza kugwirizana ndi makomiti a misika kuti mankhwala a kuchipatala ndi mabotolo osalembedwa asayalidwe pa msika wa m'dera lawo, monga amachitira ndi malamulo ena a m'mudzi.

Otsala ndi amene anayamba kale kudzola, ndipo ndi ambiri. Amene wadzola steroid kwa miyezi asangosiya lero ndi lero payekha, makamaka ngati amapaka thupi lonse, chifukwa thupi limakhala litazolowera ndipo kusiya mwadzidzidzi kukhoza kumudwalitsa. Apite kuchipatala, ku Mua, ku Mtakataka kapena kulikonse komwe kuli pafupi, atanyamula kachubu kapena botolo lomwe amadzolalo kuti adokotala aone chomwe akulimbana nacho ndi kumuthandiza kusiya pang'onopang'ono. Woyembekezera ndi woyamwitsa anene ku sikelo zomwe amadzola, ngakhale asanafunsidwe. Amene akutupa mapazi ndi nkhope, kapena mkodzo wake ukuchita thovu, apemphe kuti amuyeze impso. Ndipo inu a chipatala, funso lakuti "mumadzola chiyani?" lilowe m'mafunso a ku sikelo ya amayi oyembekezera limodzi ndi la neti ndi la katemera, ndipo lifunsidwe m'chipinda, chitseko chili chotseka, osati pa benchi la odikira pomwe mudzi wonse ukumva.